Mkamwini Amene Sanapatuke Panjira

Kwathu kuno kumtunda, cha ku Nsambe, mkamwini sayang'anizana maso ndi apongozi ake aakazi. Akawaona akubwera panjira amapatuka, kulowa mu udzu kaya m'munda wa eni ake, n'kunjuta, moni n'kupereka nkhope ili kumbali. Mabanja ena anazisiya, amati n'zachikale, koma amayi anga anazigwiritsa, ndipo amuna anga ankazitsata kuposa akamwini onse a pamudzi pathu. Tsiku lina anachita kupatukira pa linthumbu, n'kukhala pomwepo likuwaluma mpaka amayi atadutsa. Amayi ankati, "Mkamwini ndi ameneyu, enawa ndi alendo odzadya."

Ine sukulu ndinalekezera sitandade seveni, ndiye mawu a madokotala sindiwadziwa onse. Ndilemba mmene ndinamvera.

Mwana wathu wamkazi ali ndi miyezi itatu, amuna anga anatuluka chotupa pakhosi, mmunsi mwa khutu lamanzere. Sichinkapweteka. Kenako mphuno inayamba kutseka, kamfuno pafupipafupi, khutu lomwelo n'kusiya kumva. Kuchipatala chaching'ono anatipatsa mapiritsi, sizinasinthe, ku boma anadula kanyama n'kutumiza, ndipo zotsatira zitabwera anati ndi khansa, yayambira mkati kuseri kwa mphuno komwe mpeni sungafike. Anati pakufunika mankhwala a m'diripi ndi makina owotcha, ndipo makinawo ali ku chipatala chachikulu cha mumzinda.

Tinapita atatu, mwana wachinayi kumbuyo: ine, odwalawo, ndi alamu anga, mkulu wawo wa amuna anga. Alamuwo ali ndi golosale pa Zalewa, anafika fomu folo, ndiponso ndiwo nkhoswe ya ukwati wathu kuchimuna. Tsiku losaina pepala namwino anatulukira pakhomo n'kufunsa kuti gadiyani ndani. Ine ndinadzuka. Alamu anatambasula dzanja.

"Khalani, mlamu. Mwana angakalire m'katimo."

Ndinakhala. Chitseko sanatsekeretu, ndinkamva mawu a dokotala, achizungu, aatali, ndi alamu akuti yesi, yesi, ndipo namwino atayamba kumasulira ndinamva alamu akuti, "Musavutike asisitala, khutu lakelo silikumva, ndikamufotokozera bwino panja." Atatuluka ndinawayang'ana alamu pakamwa.

"Zili bwino," anatero. "Amuwotcha masabata asanu ndi awiri, basi."

Madokotala anawaumbira amuna anga chigoba cha pulasitiki chamabowobowo ngati sefa, chochita kufewetsa m'madzi otentha n'kuchikanikiza pankhope mpaka chitauma. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ankagona patebulo, chigobacho n'kuchimangirira kutebuloko kuti mutu usasunthe ngakhale pang'ono, anthu onse n'kutuluka, makina n'kumazungulira okha. Moto wake suoneka. Iwo potuluka ankaseka, "Mayi a mwana, lero andivundikiranso dengu ngati nkhuku yothawathawa." Sabata yachinayi kuseka kunachepa. Khungu la pakhosi linada n'kusupuka, malovu anauma, chakudya chilichonse ankati chikumveka ngati utuchi. Ndinkawaphikira phala lamadzimadzi kumalo ophikira a magadiyani, n'kumawerenga masipuni.

Sabata yomaliza ndikutsuka kapu pampopi anandipeza namwino wina wachikulire, wa kumpoto, Chichewa chake chokokakoka. Anaseweretsa mwana kaye, kenako anati, "Amama, za mutu anakuuzani?"

Ndinati za mutu ziti.

Anandikhazika pabenchi. Anati malo amene akuwotchawo ali mmunsi mwenimweni mwa ubongo, pakati pake ndi fupa lokha. Amayesetsa kulunjika pachotupa, koma mphamvu ina imakhudzabe ubongo wa m'mbalimu, ndipo anadzigwira kutsogolo kwa makutu ake onse awiri. Anati anthu ambiri sizimawachitikira kanthu. Koma ena, patapita miyezi, mwina zaka, malo okhudzidwawo amatupa kapena kuchita chipsera. Anandiwerengera pa zala: kuiwalaiwala, mutu wosasiya kupweteka, kugwa kapena kungouma ngati wa khunyu, kusintha khalidwe.

"Mukaona chimodzi, musadikire tsiku lolembedwa m'buku. Mubwere nawo."

"Nanga mukuwawotcheranji ngati zili choncho?"

"Chifukwa chotupacho sichidikira, amama. Izi n'za mwina. Icho n'cha ndithu."

Alamu anabwera kudzatitenga. Tili kudepoti, odwala atapita kukataya madzi, ndinawauza alamuwo zonse mwachangu. Sanadabwe.

"Ndinamva zimenezo. Ndinazimva inu musanazimve."

"Nanga eni akewo akudziwa?"

"Mlamu, wodwala sauzidwa za mawa. Munthu ukamuuza kuti mutu wako udzawonongeka, amayamba kuumvetsera, mapeto ake umawonongekadi. Komanso paja ali pachikamwini kwanu. Mawu amenewo akangofika kumjigo, mng'ono wanga wasanduka wamisala asanadwale n'komwe. Athere pompano. Mwandimva?"

Ndinati ndamva. Anali nkhoswe, anali ophunzira, ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi.

Chaka choyamba chinayenda bwino. Chotupa chinatha, kusikelo yawo ya kumzinda ankati palibe chobwerera, anabwezako thupi, tinadzala kachewere kumunda wakuphiri. Chotsala chinali botolo la madzi limene ankayenda nalo paliponse chifukwa cha kukamwa kouma. Anthu ankati Mulungu ndi wamkulu, ine ndinkavomera, koma maso anga sankachoka pa iwo. Akagwira mutu ndinkafunsa. Akachedwa kuyankha ndinkawerenga mumtima. Ndinkawatuma dala zinthu zitatu kuwokala, mchere, machesi, sopo, kuti ndione ngati abwera nazo zonse, ndipo iwo anazindikira kuti pali kanthu koma osadziwa kuti n'chiyani.

"Kodi mayi a mwana, mwayamba liti uphunzitsi? Mundipatse malikisi anga tsono."

Zinayamba nyengo yozizira ya chaka chachiwiri, nkhungu itaphimba mapiri. Anasiya khasu kumunda, kawiri. Anandifunsa ngati mbuzi ndazitsegulira, ndinayankha, patapita kanthawi anafunsanso. Zoterezi aliyense amachita, ndinadziuza choncho. Kenako mmawa wina tikusankha mbewu pakhonde anakweza mphuno n'kunena kuti wina akuwotcha tayala. Panalibe utsi paliponse. Atangotero anauma, maso ali gwa kutsogolo, milomo ikutafuna chopanda kanthu, dzanja likufisula malaya. Ndinaitana, bambo a mwana, bambo a mwana, osayankha. Sipanathe nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya madzi, anabwerera, n'kupitiriza kusankha mbewu, n'kundifunsa kuti ndikuwayang'aniranji choncho.

Ndinaimbira alamu foni nditabisala kuseri kwa khola. Anati ndi kutopa, ndiwapatse tiyi wa shuga wambiri, tidzanena tsiku la m'buku likadzakwana. Tsikulo linali kutali, miyezi inayi. Ulendo wa kumzinda mkazi sangangonyamula mwamuna wa eni ake popanda abale ake kuvomera, ndiponso ndikanawauza kuti tikupitiranji?

Patapita masiku, amayi ankachokera kumjigo ndi ndowa pamutu, azimayi ena atatu pambuyo. Pakanjira kopapatiza ka pakati pa minda anakumana ndi amuna anga. Iwo anaima pakatikati pa njira, kuwayang'ana amayi m'maso, milomo ikutafuna. Amayi anadikira. Anatsokomola. Mkamwini osasuntha. Mapeto ake amayi ndi amene anapatuka, kulowa m'mizere ndi ndowa yawo, madzi akutayikira pamsana.

Nkhaniyi inandipeza ndisanaphule ndiwo. Anabwera nayo msuweni wanga wamkazi, uja sasunga mawu m'kamwa.

"Iwe, amuna akowa kutauni anakawotchedwa khosi kapena ulemu? Eti kuwatafunira milomo azakhali ngati mbuzi yaona chimanga!"

Amuna anga atabwera ndinawafunsa. Anadabwa zenizeni. "Ine? Apongozi sindinakumane nawo lero." Anapita kukanena zomwezo kwa amalume, mchimwene wawo wa amayi amene ndi nkhoswe ya kuchikazi, ndipo apo chipongwe chinasanduka chipongwe ndi bodza, poti mboni zinalipo zitatu. Alamu anaitanidwa. Anabwera pa njinga yamoto ndi tambala wamkulu, anagwada, anapepesa, anati mng'ono wawo anali ndi maganizo. Amuna anga anapepesa nawo chinthu chimene sankachikumbuka. Tambala anaphedwa, anthu anadya. Ine ndinakhala kumbuyo ndi mwana pamiyendo, alamu anandiyang'ana kamodzi kokha, ndinawerama.

Kuchokera apo ndinasiya kuwasiyira mwana. Ndikamapita kuchigayo ndinkamubereka ngakhale anali atalemera. Ndinkawatsatira kumunda ndi zifukwa zabodza. Koma munthu wamkulu sungamulondole paliponse.

Chachiwiri chinachitika masana, ine ndili kumtsinje kochapa. Nyumba yathu ndi ya amayi zayang'anizana, pakati pali nkhokwe ndi mtengo wa mapeyala. Amuna anga pochokera kumunda analowa m'nyumba ya amayi, kupitirira pabalaza mpaka kuchipinda, n'kukhala pamphasa yawo, n'kuvula nsapato. Amayi anali momwemo akusintha nsalu. Akuti amuna angawo anawauza amayi kuti, "Iwe, tandipatsa madzi." Amayi anatuluka akuthamanga, nsalu atagwira ndi manja, akukuwa. Pamene ndinkafika, anthu anali atadzaza pabwalo, amuna anga ataima pakhomo la amayi opanda nsapato, akuyang'ana nyumba iyi, kuyang'ana iyo, ngati munthu wotsika basi pamalo olakwika.

Ena ankati ndi kachasu. Ena ankati anaphunzira chamba kuchipatala. Amalume sananene zambiri, anangoti ankhoswe akumane Loweruka mmawa, ndipo madzulo ake mkulu wanga anandiuza mawu amene ankayenda pakati pa akuluakulu: kusudzula. Kwathu mwamuna akasudzulidwa amanyamula zovala zake ndi khasu lake n'kubwerera kwawo, mwana amatsala.

Loweruka tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala uja. Amalume pampando, alamu pampando, amayi pamkeka chakumbali atafulatira, amuna anga pansi, botolo lawo pakati pa miyendo. Ine kumbuyo kwa amayi. Pabwalo lotere mkazi salankhula asanafunsidwe, ndipo nthawi zambiri amafunsidwa kumapeto, zonse zitatha kale.

Amalume anafotokoza mlandu kuyambira panjira paja mpaka kuchipinda. Anati, "Ife mwana uyu tinkamutenga ngati wathu. Atadwala tinalima munda wake. Lero akulowa kuchipinda kwa mlongo wanga ngati kubafa. Mawa adzachita chiyani? Tiuzeni, achimwene, poti munthuyu ndi wanu."

Alamu anakonza kukhosi. Ndinkaganiza kuti tsopano anena. Anati, "Ife tavomera kulakwa, sitikutsutsa kanthu. Ngati mwatopa naye, musavutike, ndimutenga. Akakhale nane pa Zalewa, azikandithandiza mugolosale, mitima ikadzazizira tidzakambirananso."

Apo m'pamene ndinamvetsa. Alamu analolera kuti mng'ono wawo adziwike kuti ndi wamwano, kusiyana n'kuti adziwike kuti mutu wake wavulala. Wamwano amakwatiranso kwina. Ndipo ndinaona Zalewa, msewu wa tala uja, malole a makala akutsika mothamanga, iwo atauma pakati pa msewu milomo ikutafuna, popanda wowawerengera nthawi. Amalume anali atayamba kale kugwedeza mutu movomera.

Sindikumbuka kuti ndinadzuka bwanji. Ndinangozindikira ndagwada kutsogolo, mwana akulira kumbuyo.

"Iwe, wafunsidwa?" anatero amalume.

Ndinangoyamba kulankhula, ndipo nditayamba sindinathe kuima, ndinati si mwano, si kachasu, munthuyu ngakhale thobwa lowawasa limamuwotcha kukhosi ndiye kachasu angamwe bwanji, ndi makina aja, anandiuza namwino pabenchi kuti moto wake umakhudza ubongo wa m'mbalimu, anandiwerengera pa zala, kuiwala, kuuma, kusintha khalidwe, ndipo zonsezo ndaziona ndi maso angawa, amanunkhiza tayala pomwe palibe tayala kenako amachoka, thupi lili pompo koma iwo palibe, panjira paja sanawaone amayi, kuchipinda kuja ankayesa ndi kwathu, ankayesa akulankhula ndi ine, ndipo anati tikaona chimodzi tithamange nawo, ine ndaona zitatu ndipo ndakhala chete miyezi iwiri.

Ndi alamu amene anayamba kulankhula, ndipo akanakhala chete mwina anthu akanati ndikungoteteza mwamuna.

"Mlamu, tinagwirizana chiyani kudepoti?"

Amalume anatembenuka pang'onopang'ono ndi mpando womwe.

"Oho. Ndiye kuti mumadziwa, achimwene?"

"Dokotala anangoti mwina. Sananene kuti ndithu."

"Mumadziwa, n'kutibweretsera tambala kuti atitseke pakamwa. Ife n'kudya, n'kunyambita zala, kumati ankhoswe a pa Zalewa ndi aulemu. Kani timadya mlandu wa munthu wodwala."

"Ndimateteza dzina lake. Inuyo simukuwadziwa anthu a pamudzi panu pano?"

"Ndikuwadziwa. Ndine mmodzi wa iwo."

Nthawi yonseyi amuna anga anali atatembenuzira khutu lakumanja kwa olankhula, monga amachitira. Anamwa madzi pang'ono. Kenako anafunsa motsitsa mawu, osayang'ana ine.

"Achimwene, pepala lija ndinasaina lija, mawu amenewa analimo?"

Alamu anayang'ana pansi. "Analimo."

"Chabwino."

Amayi, chifulatirire, analankhula kwa amalume, poti mkamwini salankhulidwa mwachindunji.

"Achimwene, muwauze akamwini kuti wodwala sathamangitsidwa pakhomo. Muwauzenso ankhoswe awo kuti pobwerera adutse kukhola, asankhe tambala. Amene tinadya uja sanali wathu."

Lolemba tinanyamuka, ine, amuna anga ndi amalume. Alamu anatidikira pa Zalewa n'kukwera nawo, njira yonse osandilankhula. Kuchipatala anawajambula amuna anga mutu m'makina ena onga ngalande, ndipo dokotala anationetsa pakompyuta kamalo koyera cha kumanzere, mmunsi. Anati si khansa yabwerera, ndi chipsera cha kuwotcha kuja, chatupa m'mbali mwake. Anapereka mapiritsi ochotsa kutupa ndi ena oletsa kuuma kuja, akumwa tsiku lililonse osadumphitsa. Za kuiwala anati sangalonjeze, mwina zichepa, mwina zikhala choncho. Anati asakwere mumtengo kapena padenga, asayendetse njinga yamoto, asakhale okha pamoto kapena kumtsinje. Ndinafunsa ngati tikanabwera msanga zikanasintha. Anati kubwera msanga kumathandiza nthawi zonse, koma poti tabwera, tiyambire pomwepa.

Alamu sananame pa zonse. Mawu anafikadi kumjigo. Pali ena amati "aja anapsa mutu aja," ndipo ndikafika amasintha nkhani. Kugulu la alimi a kachewere anali mlembi, anasankha wina mwakachetechete. Kutchalitchi sawapatsanso zolengeza. Msuweni wanga yekha ndi amene amawaseka pamaso monga kale, amati, "Alamu, lero mwalowa nyumba yolondola?" ndipo iwo amati, "Ndinayamba ndasuzumira kwanu, ndinaona mbale zosatsuka, ndinadziwa kuti si kwathu." Ndimaona kuti zimenezo zimawasangalatsa kuposa ulemu wa enawo.

Kwa ine amuna anga anakhala masiku ambiri osatchula nkhaniyi. Ankadya, ankamwa mapiritsi, ankayankha ndikafunsa, basi. Ndinkadziwa kuti sanaiwale, kuiwala kwawo ndimakudziwa, uku kunali kukhala chete kwa dala. Tsiku lina tikukumba kachewere anaimika khasu.

"Mchere, machesi, sopo. Kani anali mayeso."

Ndinati eya.

"Chaka chathunthu mukundiyesa, ine ndikuyesa chikondi."

"Chinali chikondi."

"Mutu ndi wanga, mayi a mwana. Munaudziwa inu, anaudziwa achimwene, anaudziwa namwino. Akanandiuza ndikanasainabe, ndinkafuna kumuona mwanayu akuyenda. Koma tsiku lija panjira ndikanadziwa choti ndiwauze apongozi, m'malo mowatsutsa pamaso pa anthu ngati ndi abodza."

Ndinapepesa. Anati ndiwauze zonse zimene namwino ananena, pang'onopang'ono, kukhutu lakumanja, osasiyako. Ndinawauza titakhala pamzere. Zina anandifunsa kawiri. Pomaliza anati madzulo ndizilembe papepala ndi zilembo zikuluzikulu, kuti akadzaiwala asadzafunse munthu wina.

Ukwati ulipo. Kuuma kuja kunachepa, kumabwera mwa apo ndi apo, makamaka akatopa. Mayina a anthu ena amawathawa, la mwana silinawathawepo. Munda wakuphiri tinawapatsa akulu anga, ife timalima wa mmunsi mwa nyumba, mizere yochepa, pamene ndimatha kuwaona ndili pakhonde.